Ana Akamayenda Khomo ndi Khomo, Wamkulu Akhale Pambuyo Pawo

Munthu amene angaime pa msika wa Jenda madzulo a tsiku la Khirisimasi angathe kuona chimwemwe ndi ngozi zikuyenda limodzi ngati mapasa. Ana ochokera ku Champhira, ku Katete ndi m'midzi ina yozungulira amakhala ali piringupiringu m'mphepete mwa msewu, atavala zovala zatsopano zimene makolo awo anazisunga m'sutikesi kuyambira nthawi yokolola. Ena amakhala atagwira timatumba ta masiwiti ndi mabisiketi, ena tindalama timene apatsidwa m'makomo m'mene adutsa akupempha Khirisimasi bokosi. Pakati pawo pamadutsa mabasi, malole ndi njinga zamoto za kabaza. Dzuwa likamapendeka, anawo sachita changu chobwerera kwawo, popeza kwa mwana tsiku lotere siliyenera kutha. Mdima ukagwa ambiri a iwo amakhala adakali panjira, ndipo wamkulu woyenda nawo saoneka.

Mwambo woti ana aziyenda khomo ndi khomo kupempha tinthu totsekemera si wa kuno kokha ayi. Ku America, ku Canada, ku Ireland ndi ku Scotland kuli usiku wa pa 31 Okutobala umene amautcha Halloween. Dzinali likutanthauza madzulo otsogolera tsiku la Oyera Mtima Onse, limene Akhristu ena amakumbukira pa 1 Novembala. Pa usiku umenewu ana amavala zigoba kumaso ndi zovala zachilendo, wina ngati mzukwa, wina ngati chilombo, wina ngati mfumukazi, ndipo amagogoda pa zitseko za anansi awo nanena mawu otanthauza kuti apatsidwe kanthu, apo ayi achita chipongwe. Eni nyumba amaseka nawapatsa masiwiti. Mwambowu unaoloka nyanja ndi anthu a ku Ireland ndi ku Scotland amene anasamukira ku America m'zaka za m'ma 1800, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1950 unali utafalikira m'mizinda yambiri ya kumeneko. Masiku ano ana a ku Mzimba amauona pa wailesi yakanema ndi pa mafoni, ndipo amaumva kwa abale awo okhala kunja.

Kaya mwambo umenewu udzamera mizu ku Champhira kapena ayi, imeneyo ndi nkhani ya m'tsogolo, ndipo mafumu ndi mipingo adzakhala ndi mawu awo. Chofunika lero nchakuti anthu a maiko amenewo akhala akuwerenga mosamala ngozi zogwera ana pa usiku wotere kwa zaka zambiri, ndipo zimene apeza zili ndi phunziro kwa kholo lililonse limene mwana wake amatuluka pa Khirisimasi, pa Chaka Chatsopano kapena pa usiku wina wachisangalalo. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mantha olakwika malo

Kwa nthawi yaitali makolo a ku America ankaopa chinthu chimodzi koposa zonse, ndicho chakuti munthu wosadziwika aika poizoni kapena lezala m'masiwiti a ana awo. Katswiri wa za kakhalidwe ka anthu, Joel Best, anayamba kulemba za mantha amenewa mu 1985 atafufuza manyuzipepala kuyambira a 1958, ndipo sanapeze umboni wakuti mwana ngakhale mmodzi anaphedwa ndi masiwiti olandira kwa mlendo pa usikuwo. Mlandu wodziwika kwambiri unachitika ku Texas mu 1974, pamene mnyamata wa zaka 8 anamwalira atadya masiwiti a poizoni. Khoti linapeza kuti amene anamupha anali bambo ake omubereka, Ronald O'Bryan, amene ankasirira ndalama za inshuwaransi.

Pamene makolo anali kalikiliki kufufuza m'matumba a masiwiti, imfa inali kudikira pamsewu. Ofufuza atatu a ku Canada, motsogozedwa ndi dokotala John Staples, anawerenga ngozi za pamsewu za ku America za zaka 42, kuyambira 1975 kufikira 2016, nafalitsa zimene anapeza kumapeto kwa 2018 m'magazini ya madokotala a ana yotchedwa JAMA Pediatrics. Anapeza kuti anthu 608 oyenda pansi anaphedwa ndi galimoto pa madzulo 42 a Halloween, ndiponso kuti chiopsezo chinali chokwera ndi 43 pa 100 poyerekeza ndi madzulo a sabata yam'mbuyo ndi ya m'tsogolo mwake. Kwa ana a zaka 4 kufikira 8, chiopsezocho chinali chokwera kakhumi. Izi zinachitika m'dziko limene misewu yake yambiri ya m'mizinda ili ndi magetsi ndi tinjira tapadera ta anthu oyenda pansi. Nanga kuli bwanji kumene mwana amayenda m'mphepete mwenimweni mwa phula, pa mdima wa ndiweyani?

Kunonso mantha a makolo kawirikawiri amapita kumalo olakwika. Mwana akamatuluka m'mawa wa Khirisimasi amachenjezedwa kolimba kuti asakalandire chakudya kwa nkhalamba yakutiyakuti, poopa kuti ikamuphunzitsa ufiti. Nkhalamba imene ikunenedwayo mwina ndi mayi wamasiye amene wakazinga zitumbuwa ndi ndalama zake zomaliza kuti naye amveko phokoso la ana pakhomo pake. Chenjezo lotere limachititsa manyazi munthu wosalakwa, ndipo silipulumutsa mwana kwa china chilichonse. Koma za mbali ya msewu imene ayendere, za nthawi imene abwerere, ndi za munthu amene amuperekeze, pamakhala palibe wonena kanthu.

Msewu sudziwa Khirisimasi

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pa chaka, ndipo ndizo zimene zimapha ana ndi achinyamata a zaka 5 kufikira 29 koposa chinthu china chilichonse. Msewu wa M1, umene umadutsa pa Jenda, ndiwo msana wa dziko lino. Umanyamula katundu wochokera ku malire a Songwe ku Karonga kupita ku Kasungu, ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo malole ake sapuma chifukwa cha tsiku lachikondwerero. Pa Jenda pomwepo pamapatuka njira zopita ku Embangweni ndi ku malire a Zambia. Kuonjezera apo, Mzimba ndi boma limene amuna ake akhala akupita ku Joni kuyambira masiku a Wenela, ndipo mwezi wa Disembala ndiwo umene ambiri amabwera kudzaona kwawo, ena ali ndi galimoto zawo. Motero tinjira tafumbi timene chaka chonse timaona ngolo ndi njinga zakapalasa, pa sabata imeneyi timaona galimoto zothamanga, ndipo ana a m'midzimo sanazolowere kuzipatukira.

Masamu ake ndi osavuta. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Dalaivala akachedwa masekondi awiri okha kuzindikira kuti chimene chili kutsogolo kwake ndi mwana, galimotoyo imakhala itadutsa kale mamita 44, mtunda wosachepera kwenikweni pa theka la bwalo la mpira, mabuleki asanagwidwe nkomwe. Phula likanyowa ndi mvula ya Disembala, mtunda woimira umatalikiranso. A WHO amanenanso kuti liwiro likakwera kuchoka pa makilomita 50 kufika pa 65 pa ola, chiopsezo chakuti munthu wogundidwa afe chimachuluka kanayi ndi theka. Mwana wamng'ono sadziwa masamu amenewa. Iye akaona nyali ziwiri patali satha kuyesa liwiro lake, ndipo amaganiza kuti popeza iye wayiona galimoto, nayo yamuona. Anzake akaoloka, naye amathamangira pambuyo pawo osacheuka. Ana ena samva ngakhale hutala, monga amene amaphunzira pa sukulu ya ana osamva ku Embangweni, amene nawo amakhala ali kwawo pa tchuthi.

Zovala zachisangalalo zimaonjezera vutoli. Mnyamata amene wavala chigoba cha katoni kapena thumba loboola maso amaona zakutsogolo zokha, za m'mbali ayi, ndipo galimoto imachokera m'mbali. Chovala chakuda chimamusandutsa mbali ya mdima. Chovala chachitali chokhwekhwereza pansi chimamukola miyendo pa nthawi imene akufuna kuthawa. Ngakhale m'tchalitchi muli chofunika kusamala. Pa mapemphero a usiku wa Khirisimasi ana amachita sewero la kubadwa kwa Yesu atavala ngati angelo, abusa ndi anzeru a kum'mawa, ndipo nsalu zopepuka za nayiloni zimene amafunda sizichedwa kuyaka zikayandikira kandulo kapena koloboyi. Sewero likatha, angelo aang'onowo amayenda ulendo wobwerera kumudzi pakati pa usiku, mwezi utabisika m'mitambo, kudutsa timitsinje timene masana tinali touma.

Chigoba chili ndi tanthauzo lake kuno

Pali chinthu chinanso chimene wokopera mwambo wa kunja ayenera kuchidziwa. Ku America chigoba ndi choseweretsa, koma m'dziko lino sichili choncho. Champhira ili pafupi ndi malire a Kasungu, kumene Gule Wamkulu ndi mwambo wolemekezeka wa Achewa, umene bungwe la UNESCO linauzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu onse. Mwana wosalowa mwambo amene angavale motsanzira gule nayenda nazo m'midzi angathe kuputa mlandu umene makolo ake sangaumalize msanga. Komanso munthu wobisa nkhope wogogoda pa chitseko usiku samulandira ndi kuseka. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo, ndipo anthu angapo osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu amantha. Mantha otere sanathe m'mitima ya anthu. Mnyamata wa zaka 15 wovala chigoba pa mdima saoneka ngati mwana kwa mwini nyumba amene wadzidzimuka atagwira chibonga. Chifukwa chake sewero lililonse lobisa nkhope liyenera kuchitika masana, pabwalo, mfumu ikudziwa.

Mdani sabwera ndi nyanga

Mlandu wa ku Texas uja uli ndi phunziro lachiwiri lowawa, lakuti wochitira mwana zoipa nthawi zambiri amakhala munthu amene mwanayo amamudziwa. Kafukufuku wa nkhanza zochitira ana amene boma la Malawi linachita mu 2013 anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu alionse, ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri, anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwanitse zaka 18, ndipo ochita zimenezi kawirikawiri anali zibwenzi, anzawo a kusukulu ndi anthu oyandikana nawo. Usiku wachikondwerero, pamene akuluakulu ambiri aledzera ndipo nyimbo zaphokoso zikumiza kukuwa kulikonse, ndi mpata waukulu kwa munthu wotere. Iye sasowa nyambo: botolo la Fanta, ndalama yapepala, kapena lonjezo lomukweza mwanayo pa njinga yamoto mpaka kwawo.

Ana achialubino ali ndi chiopsezo chawo chapadera. Bungwe la Amnesty International linalemba mu 2016 kuti anthu achialubino osachepera 18 anali ataphedwa m'dziko lino kuyambira Novembala 2014, ndipo pa milandu ina achibale enieni anakhudzidwa. Mwana wotere sayenera kutsekeredwa m'nyumba anzake akusangalala, chifukwa kutero nkumulanga pa mlandu wa anthu ena. Chimene ayenera ndicho kuyenda dzanja lake lili m'dzanja la munthu amene mayi ake amamukhulupirira. Za mowa nazo nzosabisika. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma mowa waukali wotsika mtengo sunathe, ndipo tindalama ta Khirisimasi bokosi timakwanira kuugula. Lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18, ndipo wogulitsa amene amalandira ndalama ya mwana wa mnansi wake sangadziwiringule kuti sanadziwe msinkhu wake.

Mayankho awiri osakwanira

Ena akamva zonsezi amati njira yabwino ndiyo kuletseratu ana kutuluka. Maganizo amenewa amachokera m'chikondi, koma sathandiza. Mwana woletsedwa amatulukira pawindo, ndipo amayenda njira zobisika kuti asakumane ndi odziwa makolo ake, kotero kuti amakhala pa ngozi yoposa ija amamutchinjirizayi. Ndiponso kuyenda m'makomo kuli ndi ubwino wake umene suyenera kutayika. Ndi pa ulendo wotere pamene mwana amadziwa nyumba ya azakhali ake ndi ya agogo a mnzake, amaphunzira kuodira, kugwada, kulandira ndi manja awiri ndi kuthokoza. Mudzi umene ana ake sadziwa makomo a anansi awo ndiwo mudzi woopsa koposa.

Ena amati ana akale ankayenda okha mpaka usiku ndipo sankaona vuto. Izi nzoona pang'ono. Koma mudzi wakale unali wa pachibale, mlendo aliyense ankadziwika asanakhale pansi, ndipo galimoto inkamveka ikadali kutali chifukwa inali imodzi. Njinga zamoto za kabaza kunalibe. Lero m'mabanja ambiri a ku Mzimba bambo ali ku Joni, nthawi zina mayinso, ndipo ana atsala ndi agogo amene maso ndi miyendo zinafooka. Mawu akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe akadali pakamwa pa aliyense, koma pa tsiku lachikondwerero aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye akuyang'anira, mapeto ake palibe woyang'anira. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010 limaika udindo woteteza mwana pa kholo kapena womulera, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Udindo umenewu supita ku tchuthi pa 25 Disembala.

Zimene mudzi ungachite

Njira yake siifuna ndalama za boma. Choyamba, gulu lililonse la ana aang'ono likhale ndi wamkulu mmodzi wodziwika ndi dzina, wosankhidwa dzulo lake, amene walonjeza kusalawa mowa kufikira atabweza mwana aliyense pakhomo la kwawo. Mtsikana wa zaka 12 wobereka mng'ono wake kumbuyo si wamkulu, naye ndi mwana wofunika kuperekezedwa. Mabanja anayi kapena asanu angathe kugwirizana kuti chaka chino aperekeze ndi uyu, chaka chamawa ndi uyo. Wamkuluyo awerenge ana ponyamuka ndi pobwera, ndipo aziyenda pambuyo, pamene angathe kuona onse.

Chachiwiri, ulendo uyambe dzuwa likadali pamutu ndipo uthe lisanalowe. M'mwezi wa Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko, ndipo mdima suchedwa kutsatira. Makomo oyendera akhale odziwika kwa makolo, ana azilandirira panja, ndipo pasakhale wolowa m'nyumba kapena kukwera galimoto kapena njinga ya munthu payekha, ngakhale munthuyo akhale wodziwika. Ngati nkotheka, njira isankhidwe yosaoloka M1. Ngati kuoloka sikungapeweke, onse aolokere pamodzi, pamalo poonekera bwino, osati kuseri kwa basi yoima. Popeza galimoto m'dziko lino zimayenda kumanzere, oyenda pansi ayende kumanja, mondondozana, kuti aziyang'anizana ndi galimoto zimene zikubwera.

Chachitatu, kumene kuyenda usiku sikungapeweke, monga pochokera ku mapemphero, mwana aoneke. Chovala choyera chimaposa chakuda, kansalu konyezimira kosokerera pamsana kamaposa zonse, ndipo tochi ikhale kutsogolo ndi kumbuyo kwa mzere, ngakhale ya pafoni. Chigoba chivulidwe pofika pamsewu, ndipo kandulo italikirane ndi nsalu ya mngelo.

Mutu umodzi susenza denga. Nyakwawa ingathe kuitanitsa msonkhano sabata imodzi chikondwerero chisanafike, nkulengeza nthawi imene mwana aliyense ayenera kukhala ali kwawo. Akulu a mpingo, kaya ku Katete, ku Embangweni kapena m'tchalitchi chaudzu cha kumudzi, asatseke mapemphero a usiku asanafunse kuti ana a mudzi wakutiwakuti apita ndi yani. Aphunzitsi apatule phunziro limodzi sukulu isanatsekere, atuluke ndi ana kupita kumsewu nkuwaonetsa kaolokedwe. Achitetezo a m'midzi aime pa malo oolokera m'malo mozungulira m'mabala. Madalaivala, makamaka amene abwera ndi galimoto kudzaonetsa kwawo, akumbukire kuti ana othamangira galimotoyo ndi ana a alongo awo. Mwana akasowa kapena akachitidwa chipongwe, nkhani ifike kupolisi usiku womwewo osadikira kukambirana kwa pabanja, ndipo pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Wogundidwa kapena wopsa ndi moto apite naye kuchipatala msanga.

Pa zonsezi chachikulu ndi choyamba chija. Tochi imatha mabatire, malangizo amaiwalika mwana akangoona anzake, koma wamkulu woyenda pambuyo amaona galimoto imene ana sanaione, amazindikira bambo amene akuitana mtsikana kuseri kwa sitolo, ndipo amadziwa kuti mtsinje wadzaza. Kholo limene lagula mpunga, nkhuku ndi nsapato zatsopano lachita bwino, koma latsala ndi mphatso imodzi, ndiyo maola atatu a tsiku lake. Khirisimasi ikubwerayi ana adzadzazanso msika wa Jenda, ndipo malole adzadutsa monga mwa masiku onse. Chimene chingasinthe ndi chiwerengero cha akuluakulu osaledzera amene adzakhale akuyenda pambuyo pa anawo.

(Nkhani yotsatira pa tsamba lino idzanena za ana ndi mitsinje m'nyengo ya dzinja.)